Bulugamu M'munda Wobwereka

Dzenje linali lokumba kale. Rasmane anagwada pambali pake, mbande ya bulugamu ili m'manja, ndipo Salimata wa ku bungwe lodzala mitengo anamulozetsa foni.

"Ikani tijambule, bambo. Azungu amene amalipira kuti mitengo iziyeretsa mpweya sakhulupirira mtengo umene sanauone."

Rasmane anadzutsa mutu. Maso ake anali kumalire, kumene Dabire, mwini nthaka, anaima ndi ana ake aamuna awiri. M'munda wobwereka mlendo amalima mapira ngakhale zaka makumi atatu, koma sadzala mtengo. Wodzala mtengo walengeza kuti nthaka ndi yake.

"Mlendo wathu," anatero Dabire osakweza mawu, "mapira tinakulolani. Chimenecho mizu yake ndi yaitali."

"Aa, akuluakulu, kamtengo chabe!" anaseka Salimata. "Kothandiza dziko lonse lapansi."

"Dziko lonselo lili ndi munda kuno?"

Mmodzi wa anawo anasamutsira chikwanje kudzanja lamanja.

Rasmane anadzuka pang'onopang'ono, nayenda mpaka kumalire, napereka mbandeyo ndi manja awiri.

"Dzalani ndinu, eni ake. Ine ndizingothirira."

Dabire anailandira msanga kuposa mmene Rasmane ankayembekezera. Anaitembenuza, nayang'ana mundawo kuchokera uku mpaka uko.

"Mayi, m'galimoto mwanumo mbande zatsala zingati?"

"Mazana asanu."

"Tsitsani zonse. Malo alipo."

Rasmane anacheuka. Mapira ake anali atangofika m'mawondo, ndipo pansi pa bulugamu sipamera kanthu.