Sizasi ya Mayi Bong

Sizasi inali itayasama kale pamwamba pa mbale yake pamene Farrukh anagwira dzanja la Mayi Bong, eni malo odyerawo.

"Azakhali, chonde, imeneyo ayi."

Kuyambira m'mawa anali atalowa ndi kutuluka m'malo odyera asanu mumzinda wa Daegu, kufunafuna chakudya choti Msilamu n'kudya. Pano m'pamene anachipeza: supageti ya mumsuzi wa tinsomba touma, wopanda fupa la nyama. Koma sizasi yoti imudulire supagetiyo inali itangodula nyama ya nkhumba pa tebulo linalo. Mafuta anali akunyezimirabe.

"Ndi sizasi yomwe?" anatero mayiwo. "Iwe, mkazi adzakupirira koma?"

Anasuzumira m'mbalemo. Simunagwere dontho. Anaponya sizasi ija m'thumba la epuloni.

"Idya yaitali choncho. Kwathu kuno yaitali ndiyo ya moyo wautali. Mwayi wako."

Farrukh anati bisimilahi, n'kuyamba kukoka. Supageti siinkatha, msuzi ukumudonthera pamalaya, iye akuseka ndi maso okha.

Mayi Bong anaima pomwepo, manja ali m'chiuno.

"Osaluma! Ukufuna kufa msanga?"