Gologolo Akwirira Masuku Akupsa

Padangokhalatu, anzanga, vomerani kuti tili limodzi!

Nangondo, mkazi wa Gologolo, anadwala mpaka kuonda ngati kamtengo ka tsache. Phala ankalavula, pakamwa pake pankangotuluka mawu amodzi: masuku, masuku.

Gologolo anali ndi timakobiri tochepa, ndiye anadikira kuti msika uweruke, n'kugula mulu wotsala wa masuku ofewa phwetephwete, basela pamwamba. Atafika kunyumba anapatsa mkazi wake suku limodzi lokha, n'kuyamba kukumba dzenje lokwiriramo otsalawo, fukufukufuku!

Mleme, mlongo wa wodwalayo, anakuwa ali lende padenga: "Iii, alamu! Okwirira ndi aawisi. Akupsa sagona, apatseni achemwali adye lero!"

"Chete inu! Ine mtedza ndimakwirira chaka chathunthu. Inu munasungapo chiyani, ogona chadodolido inu?"

M'mawa uliwonse Nangondo ankapempha ndi timawu tating'ono: "Abambo, limodzi lokha."

"Pirirani, mayi. Akadzatha kumsika, anthu onse akumeza mate, m'pamene mudzadye ngati mfumukazi."

Sabata itatha, masuku anathadi kumsika, ndipo Nangondo sankathanso kudzutsa mutu. Gologolo anafukula dzenje lija mchira uli m'mwamba. Mayo ine! Matope okhaokha, mphutsi zili nyakunyaku, fungo ngati mowa wosasa. Anathamanga misika itatu osapeza ngakhale khoko. Mleme, wolongolola uja, anangofunda mapiko kumaso.

Gologolo anagwada pamphasa akulira.

"Musalire, abambo," ananong'ona Nangondo. "Katapeni dothilo pang'ono, ndinunkhizeko."

Iye anakatapa ndi manja awiri. Ine yanga yathera pamenepo.