Theka la Mawu a Abwana

Kalipentala anali atalongedza kale sowo ndi nyundo m'chikwama pamene mlamu wake, kalaliki wa pakampanipo, analowa m'shedi.

"Alamu, ulendo wa kuti dzuwa lili paliwombo?"

"Kunyumba. Abwana atsopano aja andiuza pamaso pa anthu kuti, 'I want you fired up.' Chingerezi changa n'choperewera, koma 'fired' ndimamudziwa. Ntchito yatha basi."

Mlamuyo anaseka mpaka kugwirira chitseko.

"Mwataya 'up' panjira, alamu! Akutanthauza kuti mulimbikire, mugwire ntchito ndi mtima wonse. Oda ya madesiki ija akupatsani inuyo."

Kalipentala anangokhala pansi pa utuchi, napumira m'mwamba.

"Chonde," anatero chapansipansi, "izi alongo anu asazimve."