Galimoto Yogwada Imene Inanyamula Mkwatibwi

Panali munthu wina wometa tsitsi, ndipo amene ankameta kwa iye akuti nkhaniyi ndi yoona. Atavutika zaka zambiri anagula kagalimoto kofiira. Ankakaimika pakhomo penipeni pa shopu yake kuti azikaona pagalasi uku akumeta.

Tsiku lina kunabwera kasitomala wachilendo. Ali pampando, anayang'ana galimotoyo pagalasi n'kuseka.

"Bwana, galimoto yokongola chonchi mukuisiya ili m'mwamba ngati thirakitala? Itsitseni. Ikatsika imakakamira msewu, pakona sipendekera."

"Zimafuna chiyani?" anafunsa wometayo.

"Kungodula masipuling'i basi. Ntchito yanga ndi imeneyo."

Wometayo anakafunsa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, yemwe anali makaniko. Mlamuyo anapukuta manja n'kunena kuti:

"Alamu, zoti galimoto yotsika sipendekera pakona n'zoona, koma imeneyo amaikamo masipuling'i ndi mashoko ake ake. Mukadula awawa, tayala lisowa kothawira likagunda bampu. Galimoto izidumpha, ndipo tayala likakhala m'malere chiwongolero sichimva, mabuleki samva. Chinanso, sipuling'i yodula sikhazikika pamalo pake. Tsiku lina idzasolomoka."

"Inu alamu mwakalamba, mumaopa ndi mthunzi womwe."

"Chabwino. Koma dzanja langa silikhudzapo."

M'mawa mwake wometayo anakapeza mlendo uja kuseri kwa nyumba ina. Panalibe galaja. Galimoto inakwezedwa panjerwa, chopukusira chinalira, moto unathetheka. Munthuyo ankangoyeza ndi maso. Atamaliza, galimoto inagwada mpaka chibakera chosalowa pakati pa tayala ndi thupi lake. Anzake a wometayo anaimba miluzi, ena kujambula. Iye mtima unangoti myaa.

Sabata yoyamba, pamsewu wosalala, galimoto inkakhota ngati yamangiriridwa pansi. Kenako zinayamba. Pabampu iliyonse mimba ya galimoto inkakhula pansi. Akagunda kadzenje kakang'ono, chiwongolero chinkadzikhotera chokha. Matayala akutsogolo anayamba kudyeka m'kati, kunja ali atsopano. Ndipo kutsogolo chakumanzere kunkamveka kuti gu! gu! ngati munthu akugogoda pachitseko.

Mkazi wake anati, "Bambo a mwana, mukuchimva chikugogodacho?"

"Ndi mmene zimalirira zotsitsa. Suzidziwa iwe."

Kuyambira tsiku limenelo mayiyo anasiya kukwera. Ankabereka mwana n'kukadikira basi. Wometayo anayesa kuimbira mlendo uja kuti adzaone, koma foni inali yozima. Sanauze munthu aliyense.

Wometayu anali ndi mlongo wake wamng'ono, amene anamulera yekha makolo awo atamwalira. Ukwati wa mtsikanayo utayandikira, iye anati, "Achimwene, ine sindikwera ya wina. Mudzandiperekeze ndinu, pa yofiira yanuyi."

M'mawa wa tsiku la ukwati mlamu uja anafika anthu akumangirira maliboni pagalimoto. Anagwada, n'kusuzumira pansi pa galimoto, n'kudzuka nkhope itasintha.

"Alamu, sipuling'i yakumanzereyi yasuntha kale. Tengani yanga, makiyi ndi awa. Ndakupemphani."

Wometayo anayang'ana galimoto ya mlamu wakeyo, yakale, yosuluka penti. Anayang'ana anthu amene anali ndi mafoni m'manja.

"Mlongo wanga akafike pa chiphapha chimenecho? Ndi pafupi pomwepa. Ndiyenda pang'onopang'ono."

Mkwatibwi anakhala kutsogolo chifukwa cha kukula kwa diresi. Kumbuyo kunakhala operekeza atatu, mubuti munadzaza katundu. Galimoto inatsikiratu. Atangonyamuka, matayala anayamba kukhula thupi la galimoto.

"Achimwene, kukununkha ngati tayala likupsa," anatero mkwatibwi.

"Ndi fungo la msewu. Lero usadandaule kalikonse."

Anakweza wailesi. Foni inalira, mkwati akufunsa kuti ali pati, abusa atopa kudikira. Wometayo anaponda moto.

Panjirapo panali mtsetse, kumapeto kwake kona, ndipo pakona pomwepo phula linali lotupa. Galimoto inagunda potupapo n'kudumpha. Iye anakhotetsa chiwongolero, koma chinali chopepuka ngati chidole, matayala asakugwira pansi. Itatera panamveka kuti phwaa! Sipuling'i ija inali itasolomoka n'kung'amba tayala. Galimoto inatembenukira kumanzere, mbali ya mkwatibwi, n'kukamenya chipupa cha mlatho umene unali pafupi.

Wometayo anatuluka ndi kabala kakang'ono pamphumi. Operekeza aja anatuluka akulira, koma akuyenda okha. Mkwatibwi anali maso, diresi lili bwinobwino, akuyang'ana mchimwene wake.

"Achimwene, ndinyamuleni tichedwa. Koma miyendo yangayi sindikuimva."

Kuchipatala madokotala anati msana wathyoka, sadzayendanso. Mlendo wodula masipuling'i uja anamufunafuna, koma kuseri kwa nyumba kuja anangopezako njerwa.

Mkwati sanathawe. Patapita miyezi ukwati unachitika. Mtsikanayo sanamunene mchimwene wake ngakhale liwu limodzi loipa, ndipo anapempha chomwe chija: kuti amuperekeze ndi iyeyo. Wometayo anakankha njinga ya olumala kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kuguwa. Atafika anayesa kutula mlongo wake kwa mkwati, koma manja anakanirira pazogwirira. Anachita kudzamumasula zala ndi mlamu wake wamakaniko uja.

Phunziro: Galimoto si tsitsi loti ukadula molakwika limeranso. Kuitsitsa kumasintha mmene imakhotera, mmene imaimira ndi mmene imagwirira msewu, choncho osalola munthu wongokumana naye kuti akuduleni masipuling'i. Galimoto ikayamba kugogoda, imani. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nthawi zina nkhwangwayo imagwera amene umamukonda. Tumizirani aliyense amene ali ndi galimoto, makamaka achinyamata, asanapite nayo kwa wachopukusira.