Njinga Imakumbukira

Njinga iliyonse m'mudzimo inali ndi kachipangizo kokumbukira njira. Munthu akakana mlandu wa pamsewu, makina oweruza ankawerenga pagulu maulendo onse a njingayo a mwezi wathunthu.

Lachisanu uthenga unafika pafoni ya amayi a Ndaziona, woti njinga ya pakhomopo inathamanga mopitirira muyeso pamlatho.

"Bodza lenileni!" anatero amayiwo. "Chiphakasa chimenechi chingathamange? Tikaukane mlanduwu, bambo a Ndaziona."

Ndaziona anaweramira m'lichero la nyemba. Mwezi umenewo anali atazemba nayo njingayo kawiri kukaonana ndi mnyamata wina kuchigayo.

"Ayi mayi, tingolipira," bambo anayankha msangamsanga, iwo amene ankatha kukangana ndi wogulitsa mchere mpaka dzuwa kupendeka. "Ndigulitsa tambala uja."

Mtima wa Ndaziona unakhala pansi, mpaka pamene anaona momwe amayi ankawayang'anira bambo.

"Tambala wanuyo msungeni," anatero amayi motsitsa mawu. "Njingayi mawa ndiikankha ndekha mpaka kubwalo, ndikamve kumene imapita."

Maso a Ndaziona anakumana ndi a bambo ake, ndipo onse awiri anayang'ana kumbali.