Kadzutsa wa a Pearson

Virginia anatembenuza zitumbuwa m'mafuta, mtima uli kwina. Padoko la Kachulu panali piringupiringu, amalonda akulimbirana matemba, minibasi ya ku Zomba ikuitanira. Amuna ake, a Pearson Muhiwa, anali atachokanso kunyumba kusanawale, osalawa kanthu. Unali utakwana mwezi ndi theka zikuchitika zimenezi.

Pa zaka makumi atatu za ukwati wawo, bamboyo anali asanatulukepo pakhomo ndi njala. Atangokwatirana ankagawana mkute wa mpunga ndi tiyi wopanda shuga. Atagula bwato loyamba panabwera buledi wopaka majarini, tiyi wamkaka, Lamlungu dzira. Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa anabwerera ku mbatata yootcha, ndipo Virginia ankanama kuti wadya kale kuti mwamuna adye ziwiri. Ana atakula n'kuchoka, kadzutsa anakhazikika: zitumbuwa zinayi zoyamba kupsa ndi kapu yaikulu ya tiyi.

Kenako m'mawa wina a Pearson anakankha mbale.

"Adokotala ku Zomba andiletsa mafuta ndi shuga. Mankhwala ake ndi omwa m'mimba mulibe kanthu."

Dzina la matendawo sanalitchule. Virginia anayesa phala la mpunga, anayesa chinangwa chophika, anayesa nthochi. Zonse zinkazizirira patebulo. Bambo ake omubereka nawo anayamba choncho, kukana chakudya cha m'mawa, ndipo mvula yotsatira sanaione. Anadziwa kuti amuna ake akumubisira chinthu chachikulu pomumvera chisoni. Anapempha amayi a kutchalitchi kuti aziwapempherera. Iye mwini anasiya kudya m'mawa, chifukwa chakudya sichinkatsika.

"Mwadzuka bwanji, amake Dalitso?"

Anali Fanny, mtsikana wa ku Songani amene anasamukira kunoko posachedwa. Ankachita lendi kutsidya kwa minda ya mpunga ndipo sankadziwana ndi anthu ambiri. Anali ndi pakati pooneka. Tsiku lililonse ankabwera ndi mbale yovundikira kudzagula kadzutsa wa mwamuna wake. Virginia ankamukonda, poti anali msinkhu wa mwana wake wotsiriza. Ankamusankhira zitumbuwa zikuluzikulu, n'kumulangiza ngati mwana wake: tiyi wa mwamuna asamazizire, mbale azipereka atagwada, mkangano usamayambe munthu asanadye.

"Lero mundipatse zisanu ndi chimodzi, amayi. Zinayi akuti sizikuwakwanira."

Virginia anaseka pang'ono.

"Uzithokoza, mwana wanga. Mwamuna akamadya ndiye kuti ali moyo. Anga mwezi ndi theka tsopano, ngakhale tiyi."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunamizira utsi wa mbaula. Fanny anaika mbale pansi, anakhala pabenchi, anamugwira dzanja.

"Pepani, amayi. Matenda ndi ovuta. Anga nawo anaziona, akazi awo oyamba anadwala nthawi yaitali asanamwalire."

"Kani unakwatiwa ndi wamasiye?"

"Eya. Ndi achikulire ndithu, kwathu ankandiseka. Koma amandisamala. Usiku amagona kunyanja kuyang'anira asodzi awo, ndiye m'mawa amafika ndi njala ya nkhondo."

Virginia anamumvera chisoni bambo wosamudziwayo. Anaganiza za nyumba imene wina watsalamo yekha, ndipo anadziona yekha mmenemo. Anavuula zitumbuwa zisanu ndi chimodzi, zofiirira bwino, n'kuwonjezera ziwiri zaulere.

"Izi ukawauze kuti ndi zochokera kwa ine. Adye akadali ndi mano."

Anavundikira mbale, n'kuikulunga ndi kansalu kake kuti zikafike zotentha. Fanny analandira ndi manja awiri.

"Akakondwa. Pajatu ndi eni ake anandilozera pano. Anati ndisamagule pena paliponse, zanu zokha, chifukwa zimakoma ngati za malemu."

Ananyamuka movutikira, dzanja lili m'chiuno. Atayenda mapazi atatu anatembenuka.

"Mwina mumawadziwa, inu ndinu akale kuno. A Pearson Muhiwa, a mabwato awiri aja." Anamwetulira mwamanyazi. "Ndimaopa kuwafunsa eni ake, amayi. Kodi malemuwo anali munthu wotani?"