Miyala Itatu ya Mfuko

Padangokhala Mfuko, amene anapita kutali kukagwira ntchito. Kumudzi nyumba ya mayi ake inatitimira ngodya imodzi, ndipo mlongo wa mayiwo, a Nyani, ankangoti abwera mawa kudzaikonza. Mayiwo atamwalira, Mfuko anafika pamaliro, a Nyani nawo anatulukira ndi nkhwangwa.

"Mphwanga, nyumba ya malemu timagwetsa," anatero a Nyani. "Ndiponso iyi yagwa kale. Mitengoyi tigawana."

"Amalume, ndidikireni mpaka tsiku lometa," anayankha Mfuko. "Tidzaika dzira pansi. Likadzagubuduka, mudzagwetse."

A Nyani anaseka n'kukwera padenga kukasankhiratu mapaso. Mfuko anafukula pansi pa ngodyayo, mnzake Fulu analowa n'kuikweza ndi msana, Mfuko n'kutsenderapo miyala.

Tsiku lometa abale anadzaza bwalo. Dzira linaikidwa pakati pa nyumba ndipo linangokhala duu.

"Ndiye wathirapo miyala ingati?" anafunsa a Nyani, akubisa nkhwangwa kumbuyo.

"Itatu yokha, amalume. Mayi anga agona chozondoka zaka zisanu chifukwa cha miyala itatu, inu muli ndi manja aatali ngati amenewo."

Nthano yanga yathera pompo.